Oskar Kokoschka, Mphunzitsi wa Zojambula

Oskar Kokoschka anabadwa m'caka ca 1886 m'tauni ya Pöchlarn, m'dziko la Austria. Bambo wake anali wosula golide. Atakula, Oskar anaphunzira zojambula mumzinda wa Vienna.

Mu 1914 kunabuka nkhondo yaikulu. Oskar analowa usilikali. Mu 1915 cipolopolo cinamulasa kumutu, ndipo anamubayanso pacifuwa. Anatsala pang'ono kufa. Pambuyo pake anapita ku Dresden, m'dziko la Germany, kuti akacire.

Mu 1919 sukulu yaikulu ya zojambula ya ku Dresden inamulemba nchito ya uphunzitsi. Cipinda cake cojambuliramo cinali pafupi ndi mtsinje wa Elbe. Akasuzumira pawindo, ankaona madzi, milatho ndi nyumba za kutsidya. Mtsinjewo anaujambula kambirimbiri.

Zithunzi zake sizinali ngati za kamera. Ankapaka utoto wambiri, wowala kwambiri: wofiira, wobiriwira, wacikasu ndi wabuluu. Pojambula munthu, ankafuna kuonetsa za mumtima mwake, monga mantha, cisoni kapena cimwemwe.

Mu 1920 anthu anamenyana ndi mfuti m'misewu ya Dresden, ndipo ambiri anafa. Cipolopolo cina cinalowa m'nyumba yosungiramo zithunzi. Cinaboola cithunzi cakale ca Rubens. Oskar analemba kalata yopempha anthu kuti azikamenyanira kutali ndi nyumbayo. Ojambula ena anakwiya naye. Kwa iwo, moyo wa anthu unali wofunika kuposa cithunzi.

Mu 1923 Oskar anacoka ku Dresden. Anayenda m'maiko ambiri a ku Ulaya ndi kumpoto kwa Africa, akujambula mizinda ndi mapiri.

Boma la Hitler linadana ndi zithunzi zake. Mu 1937 linacotsa zojambula zake zoposa 400 m'nyumba zoonetsera za ku Germany. Mu 1938 Oskar anathawira ku London.

Nkhondo ina itatha, anabwerera ku uphunzitsi. Mu 1953 anatsegula sukulu ku Salzburg. Kumeneko ankaphunzitsa acinyamata kupenya bwino cinthu asanacijambule. Anamwalira mu 1980 ku Montreux, m'dziko la Switzerland, ali ndi zaka 93.

Mafunso
1. Kodi Oskar ankaona ciani pawindo lake?
2. Cifukwa ciani ojambula ena anakwiya naye?
3. Yang'ana panja pa kalasi lanu. Jambula zimene ukuona.