Chauncy Maples

Chauncy Maples (17 February 1852 – 2 September 1895) anali wansembe wa mpingo wa Angilikani wochokera ku England, yemwe anatumikira kum'mawa ndi pakati pa Africa kwa zaka 19 pansi pa bungwe la Universities' Mission to Central Africa (UMCA). Amadziwika ndi ntchito yosamalira mabanja a akapolo omasulidwa ku Zanzibar ndi ku Masasi, komanso poyendetsa mishoni ya pa chilumba cha Likoma. Mu 1895 anadzozedwa kukhala bishopu wa Likoma, koma anamira m'nyanja ya Malawi kufupi ndi gombe la Salima asanafike pa mpando wake. Sitima yapamadzi ya MV Chauncy Maples inapatsidwa dzinali pomukumbukira.

Ubwana ndi maphunziro

Maples anabadwira ku Bounds Green, kumpoto kwa London. Bambo ake, Frederick Maples, anali loya, ndipo dzina loti Chauncy linachokera ku banja la mayi ake. Anaphunzira pa sukulu ya Charterhouse, kenako pa University College ku Oxford. Kumeneko anapalana ubwenzi ndi William Percival Johnson, yemwe anadzagwira naye ntchito m'mbali mwa nyanja ya Malawi mpaka imfa inawalekanitsa. Anadzozedwa udikoni mu 1875 ndipo anatumikira kwa miyezi yochepa pa tchalitchi china ku Oxford komweko.

Anthu amene UMCA inkawasamalira

Bungwe la UMCA linayamba potsatira pempho limene David Livingstone anapereka ku Cambridge mu 1857. Gulu loyamba, lotsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie, linakhazikika ku Magomero mu 1861 pamodzi ndi anthu amene linawalanditsa kwa ogula akapolo. Nkhondo, njala ndi malungo zinasokoneza ntchitoyo. Mackenzie anamwalira mu January 1862, ndipo mu 1864 Bishopu William Tozer anasamutsira mishoni ku Zanzibar.

Ku Zanzibar mishoni inkalandira anthu amene sitima zankhondo za Britain zinkawachotsa m'zombo za akapolo pa nyanja yamchere. Ambiri mwa iwo anali ochokera kumadera ozungulira nyanja ya Malawi: Anyanja, Ayao, Amakua ndi ena. Ankafika ali owonda, ali ndi zilonda za magoli ndi maunyolo, ena akudwala kamwazi kapena nthomba, ndipo panalibe m'bale aliyense wowalandira. Ana ena sankadziwa n'komwe dzina la mudzi wa kwawo. Anyamata ankawaika pa sukulu ya Kiungani, pamene akuluakulu ndi atsikana ankakhala pa munda wa mishoni ku Mbweni, komwe ambiri anakwatirana n'kuyamba mabanja atsopano. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar utatsekedwa mu 1873, pamalopo anamangapo tchalitchi chachikulu cha Christ Church.

Maples anafika ku Zanzibar mu 1876. Bishopu Edward Steere anamudzoza unsembe chaka chomwecho, ndipo ntchito yake yoyamba inali yophunzitsa anyamata a ku Kiungani.

Ku Masasi

Steere ankafuna kuti omasulidwawo abwerere kudera la makolo awo, akamange mudzi wachikhristu womwe udzakhale chitsanzo kwa anthu oyandikana nawo. Kumapeto kwa 1876 ananyamuka ndi amuna ndi akazi oposa 50 kulowera ku nyanja ya Malawi. Atafika ku Masasi, kum'mwera kwa dziko lomwe lero ndi Tanzania, anthuwo anakana kupitirira. Anali atatopa, nthaka ya pamalopo inali yachonde, ndipo midzi imene anachokera inali itapasuka kale ndi nkhondo. Steere anavomera, ndipo mudzi unamangidwa pomwepo. Mu 1877 Maples anatumizidwa kukautsogolera.

Ntchito ya mtsogoleri wa mudzi wotere inali yoposa kulalikira. Ankagawa minda ndi mbewu, kuona kuti chakudya chikwane kufikira nthawi yokolola, kutsuka ndi kumanga zilonda, kupereka kwinini kwa odwala malungo, kuphunzitsa ana ndiponso kuweruza milandu ya m'mabanja. Anthu a m'mudzimo anali alendo pakati pa Amakua ndi Ayao, opanda mfumu yawoyawo ndi opanda ankhoswe, choncho chilichonse chinkathera pakhomo pa wansembe. Akapolo othawa kwa ambuye awo nawonso ankabwera kudzabisala, zomwe zinkautsa mikangano ndi mafumu a m'deralo.

Apa ndi pamene mbiri ya Maples ili ndi banga. Popeza panalibe boma, amishonale anadzisandutsa oweruza, ndipo ena olakwa ankawakwapula kapena kuwatsekera. Steere sanagwirizane ndi zoti wansembe azigwira mphamvu zotere. Vuto lofanana nalo linaoneka ku mishoni ya Blantyre cha mu 1879, komwe nkhani ya zilango zankhanza inafika mpaka ku Britain. Zinali zomvetsa chisoni kuti munthu wopulumuka ku chikwapu cha ogula akapolo akumanenso ndi chikwapu pa mishoni.

Maples anaphunzira zilankhulo za m'deralo mwakhama. Mu 1879 anatulutsa kabuku kothandiza kuphunzira Chimakua, ndipo pambuyo pake anasonkhanitsanso mawu a Chiyao. Anapalana ubwenzi ndi Matola, mfumu yachiyao ya ku Newala, komwe mishoni inatsegula nthambi. Mu 1881 anayenda wapansi mtunda wa mamailosi pafupifupi 900, kudutsa dziko la Amakua kum'mwera kwa mtsinje wa Ruvuma mpaka ku gombe la Mozambique, ndipo zimene anaona anazilembera bungwe la Royal Geographical Society.

Mu September 1882, patangopita milungu yochepa Steere atamwalira, Angoni otchedwa Magwangwara anaukira Masasi. Maples anali atamva kuti akubwera ndipo ananyamuka kuti akakumane nawo panjira n'kukambirana, koma anasemphana. Pamene ankabwerera anapeza mudzi utatenthedwa, anthu angapo ataphedwa, enanso atatengedwa ukapolo kachiwiri. Mishoni inaombola ambiri mwa iwo ndi nsalu ndi katundu wina. Zitatha izi, mabanja ambiri anabwezedwa ku Zanzibar ndipo likulu la ntchito linasamukira ku Newala. Maples anafika poona kuti kusonkhanitsa alendo m'mudzi wapadera, wodalira azungu pa chilichonse, kunawaika pangozi ndiponso kunawapatula kwa eni dera. Kuyambira pamenepo anakonda kugwira ntchito m'midzi ya anthu pansi pa mafumu awo.

Ku Likoma

Pa nthawiyi Johnson anali atafika kale ku nyanja. Maganizo ake anali oti sitima ikhale ngati mishoni yoyenda, yofikira midzi yonse ya m'gombe. Sitima yoyamba, ya Charles Janson, inayamba kuyenda mu 1885, ndipo chaka chomwecho mishoni inakhazikika pa Likoma, pamalo otchedwa Chipyela pomwe kale ankaotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Mu 1886 Bishopu Charles Smythies anatumiza Maples ku Likoma ngati akidikoni. Anagawana ntchito motere: Johnson ankakhala pa sitima, Maples ankayendetsa za pa chilumba.

Likoma ndi chilumba chamiyala, chosabereka chakudya chokwanira, moti ufa ndi nkhuni zambiri zinkachokera kutsidya. Komabe anthu ankathawirako chifukwa Magwangwara ndi ogula akapolo sankatha kufikako mosavuta. M'gombe la kum'mawa anthu ankakhala mothithikana m'malinga, ena m'mabango, ndipo matenda ankafala msanga. Mishoni inatsegula sukulu za anyamata ndi atsikana, malo operekera mankhwala, ndi nyumba yosindikizira mabuku a Chinyanja. Aphunzitsi oyamba ambiri anali anyamata a ku Kiungani omwe anali akapolo kale. Mmodzi mwa iwo, Augustine Ambali, anatumikira ku Msumba kwa zaka zambiri ndipo anadzakhala wansembe. Yohana Abdallah, mwana wa mfumu ya kudera la Newala amene Maples anamudziwa ali mnyamata, anakagwira ntchito ku Unangu ndipo anadzalemba mbiri ya Ayao.

Pa za chipatala, zinthu zinayamba kusintha atabwera John Edward Hine, yemwe anali dokotala komanso wansembe. Mu 1893 Hine anatsegula mishoni ya Unangu pakati pa Ayao, m'chigawo chomwe lero ndi Niassa ku Mozambique. Amishonale nawonso ankafa kwambiri ndi malungo, makamaka aja otulutsa mkodzo wakuda, chifukwa pa nthawiyo zinali zisanadziwike kuti udzudzu ndi umene umafalitsa matendawa.

Mu 1891 Britain ndi Portugal atagawana malire, gombe la kum'mawa moyang'anana ndi Likoma linapita kwa Apwitikizi, koma zilumba za Likoma ndi Chizumulu zinatsalira ku Britain chifukwa cha mishoniyo. N'chifukwa chake lero zilumbazi ndi za Malawi ngakhale zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Mu 1892 moto unawononga nyumba zambiri za mishoni pamodzi ndi mabuku, ndipo Maples anayang'anira ntchito yomanganso. Kuyambira mu 1893 ankakonza magazini ya Nyasa News, yosindikizidwa pa Likoma pomwepo, imene inali m'gulu la zofalitsa nkhani zoyambirira m'dziko muno.

Ubishopu ndi imfa yake

Dayosizi ya Nyasaland inapatulidwa ku Zanzibar mu 1892, koma bishopu wake woyamba, Wilfrid Hornby, anatula pansi udindo mu 1894 chifukwa cha kudwala. Maples ndiye anasankhidwa kulowa m'malo mwake. Anadzozedwa pa 29 June 1895 mu St Paul's Cathedral ku London, ndipo anatenga dzina loti bishopu wa Likoma. Sanachedwe ku England. Anabwerera kudzera m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire mpaka ku Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi.

Pofuna kufika msanga, anakwera boti lachitsulo loyendera matanga lotchedwa Sherriff, pamodzi ndi Joseph Williams, mmishonale yemwe sanali wansembe, ndi amalinyero akuda. Anaima ku Monkey Bay kenako n'kupitirira chakumpoto kulowera ku Nkhotakota. Miyezi imeneyi ndi ya mwera, ndipo asodzi a ku Salima amadziwa mmene mphepoyi imautsira mafunde nyanja ikatseguka kupitirira zilumba za Maleri. Usiku wa pa 2 September mphepo inakula, botilo linatembenuzika n'kumira kufupi ndi Lifuwu, kumpoto kwa Senga Bay, gombe lomwe kumtunda kwake kuli malo osungira nyama a Kuti masiku ano.

Williams anali m'kachipinda ka botilo ndipo anamira nalo limodzi. Amalinyero onse anasambira mpaka kumtunda. Malinga ndi zimene anafotokoza pambuyo pake, anayesetsa kumuthandiza bishopuyo, koma mkanjo wake wautali utanyowa unamulemera, ndipo iye anawauza kuti amusiye adzipulumutse okha. Anali wodziwa kusambira. Anamwalira ali ndi zaka 43, atakhala bishopu masiku 65 okha.

Thupi lake linapezeka m'gombe patapita pafupifupi milungu iwiri, ndipo analizindikira ndi mkanjowo. Analitengera ku Nkhotakota, komwe mishoni inali itangotsegulidwa mu 1894 ndi wansembe Arthur Fraser Sim. Manda ake ali mkati mwa tchalitchi cha All Saints kumeneko. Sim naye anamwalira ndi malungo chaka chomwecho. Amene analowa m'malo mwa Maples mu 1896 anali dokotala uja, Hine.

Sitima ya Chauncy Maples

Imfa yake inachititsa kuti anthu ku Britain asonkhe ndalama zogulira sitima yaikulu ndi yolimba kuposa ya Charles Janson. Inapangidwa ku Glasgow ndi kampani ya Alley & McLellan mu 1899, n'kuiphwasula m'zidutswa zoposa 3,000 zomwe zinadzera ku Zambezi ndi Shire. Pa mathithi a Shire, pomwe maboti sangadutse, anthu anazisenza pamutu. Boyila yake yolemera matani 11 sinkatheka kuiphwasula, ndipo amuna mazana angapo anaikoka pa ngolo kudutsa m'mapiri. Inalumikizidwa kufupi ndi Fort Johnston ndipo inalowa m'madzi mu 1901. Ndi yotalika mamita pafupifupi 38.

Kwa zaka pafupifupi 50 sitimayi inali tchalitchi, sukulu ya aphunzitsi ndi chipatala choyenda. Inkanyamula mankhwala, anamwino ndi odwala pakati pa midzi ya m'gombe ndi zipatala za mishoni. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse boma linaitenga kuti izinyamula asilikali. Mu 1953 inagulitsidwa, ndipo m'zaka za m'ma 1960 anaikonza kukhala sitima yonyamula anthu. Kawirikawiri imatchulidwa kuti ndi sitima yakale kwambiri mwa zimene zidakalipo mu Africa. Cha mu 2009 panayambika ntchito yosonkhanitsa ndalama kuti aikonzenso ku Monkey Bay, ikhale chipatala choyendera midzi ya m'mbali mwa nyanja imene ilibe misewu.

Zipatala za St Peter's ku Likoma, St Anne's ku Nkhotakota, St Martin's ku Malindi ndi St Luke's ku Malosa zinakula kuchokera pa ntchito ya UMCA, ndipo mpaka lero zili m'manja mwa mpingo wa Angilikani. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's pa Likoma chinayamba kumangidwa mu 1903 pa Chipyela. Mbiri ya moyo wa Maples inalembedwa ndi mlongo wake Ellen kuchokera m'makalata ake, ndipo inasindikizidwa mu 1897.