C. V. Raman, Mwana wa Mphunzitsi Amene Anafunsa za Mtundu wa Nyanja

Chandrasekhara Venkata Raman anabadwa pa 7 November 1888 ku Tiruchirappalli, kum'mwera kwa dziko la India. Atate wace anali mphunzitsi wa masamu ndi sayansi, ndipo mnyamatayo anakulira pakati pa mabuku. Analowa Presidency College ku Madras akali wamng'ono ndithu, natsiriza maphunziro ace mu 1907. Popeza thupi lace linali lofooka, anamuletsa kupita ku England kumene anzace anzeru ankapita, ndipo analowa nchito yowerengera ndalama za boma ku Calcutta.

Koma mtima wace sunali pa ndalama ai. M'mudzi waukuluwo anapeza nyumba ya bungwe lochedwa Indian Association for the Cultivation of Science, m'mene munali zipangizo zocepa ndi anthu ocepa. M'menemo ankagwira nchito mbandakuca asanapite ku ofesi, ndiponso madzulo ataweruka, kufufuza za kulira kwa ng'oma ndi kwa zoyimbira za zingwe. Mu 1917 anasiya nchito ya boma, navomera malipiro ocepa kuti akhale mphunzitsi wamkulu wa sayansi pa University of Calcutta.

Mu 1921, ali m'sitima ya pamadzi pocokera ku England, anapenyetsetsa nyanja ya Mediterranean nadzifunsa cifukwa cace madziwo ali a buluu. Akatswiri omveka anali atanena kale kuti nyanja imangoonetsa mtundu wa thambo monga kalilole. Raman sanakhutire nao mau amenewa. Anayang'ana madziwo kupyolera m'kagalasi kocotsa kunyezimira kwa pamwamba, ndipo buluuyo sanacoke. Pamenepo anazindikira kuti madzi eni ace ndiwo amamwaza kuwala kwa dzuwa.

Funso limeneli analilondola zaka zisanu ndi ziwiri. Iye ndi wophunzira wace K. S. Krishnan ankalowetsa kuwala kwa mtundu umodzi m'zamadzimadzi zosiyanasiyana, poyamba kwa dzuwa kosefedwa ndi galasi, pambuyo pace kwa nyale ya mercury. Pa 28 February 1928 anaona poyera kuti kacigawo ka kuwala komwazikako katuruka ndi mtundu wina. Cifukwa cace ndi ici: zinthu zambiri zinapangidwa ndi tizigawo tosaoneka tochedwa mamolekyu, timene timanjenjemera kosaleka. Kuwala kukagunda molekyu, nthawi zina kumasiyako mphamvu pang'ono kapena kutengako, ndipo mtundu wace umasintha. Popeza molekyu ya mankhwala ali onse iri ndi kanjenjemeredwe kace, kusinthako kuli ngati cidindo ca cala: kumaulula dzina la mankhwalawo. Landsberg ndi Mandelstam a ku Moscow anaona zomwezo caka comweco, koma dzina limene linakhazikika ndi la Raman. Mu 1930 analandira mphotho ya Nobel, woyamba wa ku Asia kuilandira pa sayansi.

Mu 1933 anasamukira ku Bangalore kukatsogolera Indian Institute of Science, ndipo mu 1948 anayambitsa sukulu yace ya kafukufuku, Raman Research Institute, kumene anagwira nchito kufikira imfa yace pa 21 November 1970.

Komabe njira yace inali ndi cilema cimodzi. Kuwala kosinthikako nkofooka zedi, ngati kambeu kamodzi pakati pa mbeu 10,000,000, kotero kuti mankhwala akacepa sankaoneka. Cilemaci cinacizidwa mwini wace atapita kale. Mu 1974, ku Southampton, Martin Fleischmann, Patrick Hendra ndi James McQuillan anatenga kacitsulo ka siliva kolowetsera magetsi m'madzi, kamene amakacha electrode, nakasandutsa kokhakhala. Anakaviika m'madzi okhala ndi pyridine, mankhwala onunkha a gulu la kaboni, ndipo mamolekyu ace anamatirira pa silivayo. Atawalitsapo laser, cidindo cija cinaoneka moposa ciyembekezo. Iwo anayesa kuti kukhakhalako kwangocurukitsa malo omatirirapo. Koma mu 1977 Jeanmaire ndi Van Duyne ku America, ndiponso Albrecht ndi Creighton ku England, anasonyeza kuti malo okha sangafotokoze zimenezi, pakuti kuwala kwa molekyu iri yonse kunakula pafupifupi nthawi 1,000,000. Timatumphu ta siliva timasonkhanitsa mphamvu ya kuwala pamalo amodzi, ndipo molekyu yokhala pamenepo imamveka monga munthu wa mau ang'ono akapatsidwa cimkuzamau. Golide ndi mkuwa amacitanso cimodzimodzi. Pofika 1997 akatswiri anakhoza kuzindikira molekyu imodzi yokha.

Nkhani imeneyi siiri kutali ndi ana a ku Kafue Estates. Caka comwe Raman anamwalira, fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba nchito m'tauni yao. Mtsinje wa Kafue umadutsa kumigodi ya mkuwa ndi m'minda yaikuru usanafike pano, ndipo madzi ace amapopedwa kukamwetsa anthu a ku Lusaka. Kudziwa cimene casungunuka m'madzi otere ndi nkhani ya moyo, ndipo njira ya siliva ija ndi imodzi mwa zimene akatswiri a maiko ambiri akuyesa pofunafuna timankhwala ta mbozi ndi utoto m'madzi ndi m'zakudya.

Dziko la India limakumbukira tsiku la 28 February caka ndi caka monga tsiku la sayansi. Aphunzitsi angakumbukire cina: zonsezi zinayamba ndi funso longa la mwana wa sukulu, lakuti madzi ali ndi mtundu wotere cifukwa ninji. Mwana akafunsa cotero m'kalasi, asamzazire kuti akutaya nthawi, ndipo asamtseke pakamwa ndi yankho loloweza. Ampatse kapu ya madzi, atuluke naye padzuwa, ayang'ane naye pamodzi.