MALEMU HENRY TAYALI, MMISIRI AMENE ANABWERERA KWAO KUDZAPHUNZITSA

Ife okhala muno mu Livingstone tonse tiudziwa msika wa ziboliboli wa pa Mukuni Park, ndi wina uja wa ku mathithi a Mosi-oa-Tunya. Tikadutsapo tipeza njovu, mvuu ndi akadyansonga osemedwa ndi mtengo, ng'oma, madengu ndi mbale, zonse zitandandalikidwa kudikira alendo odzaona malo. Luso lilipo, palibe angakane. Koma tikayang'anitsitsa tiona kuti njovu ya pa thebulo ili ifanana ndi ya pa thebulo linalo, cifukwa wosema asema cimene mlendo agula. Nkhani imeneyi yatikumbutsa mwana wina wa dziko lino amene anakhulupirira kuti manja a munthu wa mu Zambia angathe kunena zambiri kuposa apa. Dzina lao ndi a Henry Tayali.

A Tayali anabadwa pa 22 Novembala caka ca 1943 ku Serenje, boma lomwe kuli phanga la Nsalu, m'mene makolo akale-kale anasiya zithunzi zao pa miyala. Masiku amenewo anthu ambiri a dziko lino, pomwe linali kuchedwa Northern Rhodesia, anali kuwoloka Zambezi kukafuna nchito ndi maphunziro ku mwera. Banja la a Tayali nalo linatero, ndipo mwanayo anakulira ndi kuphunzira sukulu mu mzinda wa Bulawayo.

Kumeneko mphatso yao inaonekera akali wamng'ono. Mzungu wina wogwira nchito ku khonsolo ya Bulawayo, a Alex Lambeth, anaona zimene mnyamatayo anali kujambula ndipo anamulimbikitsa. Pofika zaka 15 zakubadwa, zithunzi zace zinali zitaonetsedwa kale pa gulu mu mzindawo. Apa tiphunzirapo kanthu: mphatso inalipo mwa mwana, koma panafunika munthu wamkulu woti aione ndi kuisamala.

Ali ku Bulawayo komweko a Tayali anajambula cithunzi cao codziwika kwambiri, cochedwa Destiny. M'cithunzico muli khamu la anthu akuda odzaza mu mzinda, ena akusenza katundu, ena akumanga, onse akulimbana ndi moyo. Mu 1966 cithunzico cinapita m'manja mwa a Tim Gibbs, mwana wa bwanamkubwa wa Southern Rhodesia, Sir Humphrey Gibbs, ndipo pambuyo pace cinakakhala ku England zaka zambiri.

Zambia atalandira ufulu, a Tayali anabwerera kwao. Anapita kukaphunzira za luso la zojambula pa yunivesiti ya Makerere ku Uganda, kumene anatsiriza mu 1971. Posakhalitsa analandira thandizo la maphunziro la ku Germany lochedwa DAAD, napita ku sukulu yaikulu ya amisiri a zojambula mu mzinda wa Düsseldorf, kumene anatsiriza maphunziro apamwamba mu 1975. Munthu wa maphunziro otere akanatha kukhala ku Ulaya ndi kudya bwino. Iwo anasankha kubwerera ku Lusaka, kukagwira nchito pa Yunivesiti ya Zambia, m'cigawo cofufuza za miyambo ndi cikhalidwe ca mu Africa. Anaphunzitsa za luso la mu Africa, ndipo mu 1976 anapatsidwa udindo wa mmisiri wa yunivesiti.

Nanga anali kujambula ciani? Sanathamangire nyama za m'thengo kapena dzuwa lolowa, zimene alendo akonda kupacika m'nyumba zao. Anajambula anthu wamba a m'makomboni: amai a pa msika, anthu opanikizana m'malo omwera mowa, anchito otopa, osauka amene palibe awayang'ana kawiri. Zina anajambula ndi penti. Zina anayamba wazisema pa thabwa, napaka inki pa thabwalo ndi kudinda pa pepala, kotero kuti thabwa limodzi linali kubala zithunzi zambiri, ndipo munthu wopeza pang'ono anatha kugulako cimodzi. M'zaka zao zotsiriza zithunzi zao za penti zinasintha, anthu aja anayamba kusungunuka m'mitundu ndi m'mizere, koma khamu lija silinacokemo.

Analinso katswiri wa ziboliboli zikulu-zikulu. Aliyense amene anafikako pa Yunivesiti ya Zambia, pa msewu wa Great East, anaciona ciboliboli ca wophunzira wobvala mkanjo wa otsiriza maphunziro, cochedwa The Graduate. Ndi nchito ya manja ao. Mabanja osawerengeka ajambulitsa zithunzi patsogolo pace tsiku limene mwana wao alandira digiri, ambiri osadziwa n'komwe dzina la amene anacipanga.

Koma cimene ife tifuna kutsindika ndi nchito yao yokweza anzao. Mutu umodzi susenza denga, ndipo a Tayali anadziwa kuti mmisiri mmodzi wochuka sapanga luso la dziko. Anatumikira m'bungwe la Art Centre Foundation, limene linali ndi makina odindira zithunzi pa Evelyn Hone College ku Lusaka, kumene amisiri acinyamata anali kuphunzirira limodzi ndi akulu ao. Anatumikiranso m'bungwe loona za nchito za manja m'dziko lino, ndi mu National Museums Board, imene iyang'anira nyumba zosungira mbiri, kuphatikizapo Livingstone Museum yathu ino. Kwa iwo wosema mtengo ndi woluka dengu sanali anthu apansi poyerekeza ndi wojambula wa digiri. Mu 1986, pamodzi ndi mai Cynthia Zukas ndi mai Bente Lorenz, anayambitsa Lechwe Trust, bungwe logula ndi kusunga nchito za amisiri a dziko lino kuti zonse zisathere kunja.

Imfa inawapeza pa ulendo. Anamwalira pa 22 Julayi 1987 mu mzinda wa Aachen ku Germany, ali ndi zaka 43 cabe. Zimene anabzala sizinafe nao. Mu 1989 amisiri anakhazikitsa bungwe lao la Zambia National Visual Arts Council, ndipo pambuyo pace Lechwe Trust inagula cithunzi cija ca Destiny kuti cibwere kwao kwa mwini wace. Mu 1995 nyumba yoonetsera zojambula ya ku Showgrounds mu Lusaka inatsegulidwa m'dzina lao, ndipo pa mphotho za Ngoma Awards panaikidwa ina yochedwa dzina la a Tayali.

Tsopano tibwerere kuno kwathu. Ku Maramba, ku Dambwa, ku Libuyu ndi ku Linda kuli ana amene ajambula pa cikuto ca buku la masamu kapena kuumba ng'ombe ndi dothi. Kawiri-kawiri ife makolo tiwakalipira kuti akutaya nthawi. Kukanakhala kuti ku Bulawayo kuja onse anatero, lero sitikanakhala ndi cokamba. Kuongola mtengo m'poyamba, ndipo luso nalo lifuna mphunzitsi mwana akali wamng'ono.

Tipempha aphunzitsi athu kuti phunziro la zojambula ndi nchito za manja lisakhale nthawi yosesa pabwalo. Tipempha makolo kuti tsiku lina atenge ana ao kupita nao ku Livingstone Museum ndi ku nyumba ya zojambula ya dziko lonse imene inatsegulidwa mu tauni muno mu 2014. Malo amenewa si a alendo okha, ndi athu. Ndipo kwa abale athu osema ziboliboli, tidziwa kuti njovu ndi mvuu ndizo zibweretsa ufa pakhomo, sitinena kuti muzileke. Koma pakati pa njovu khumi, semaniko cimodzi cosimba za ife: mai wogulitsa nsomba pa msika wa Maramba, kapena mnyamata wokwera njinga yolemedwa ndi katundu kupita ku mlatho wa malire. Mukatero mudzakhala mukupitiriza nchito imene a Tayali anasiyira pakati.

Mzimu wa malemu Henry Tayali uuse mu mtendere.