Mbiri ya Sara, Mkazi wa Abrahamu

M'matchalitchi ndi m'mizikiti ya ku Kawale, Biwi ndi Chinsapo, dzina la Abrahamu, amene Asilamu amamutcha Ibrahim, limamveka kawirikawiri. Mkazi wake Sara satchulidwa kwambiri, chonsecho Ayuda, Akhristu ndi Asilamu onse amamulemekeza monga kholo. Nkhani ino ifotokoza moyo wa mayiyu monga momwe buku la Genesis ndi Korani zikuwonetsera.

Sara, amene poyamba ankatchedwa Sarai, anali mlongo wa mwamuna wake: bambo mmodzi koma amayi osiyana. Banjali linachoka ku Uri, m'dziko lomwe lero ndi Iraq, n'kukakhala ku Harana. Pochoka ku Harana kupita ku Kanani, Abrahamu anali ndi zaka 75 ndipo Sara 65. Njala itagwa anathawira ku Ejipito, kumene Abrahamu, poopa kuphedwa chifukwa cha kukongola kwa mkazi wake, anabisa zoti ndi okwatirana. Farao anamutenga Sara, koma anamubweza miliri itagwa m'nyumba mwake.

Vuto lalikulu la Sara linali kusabereka. Atakhala zaka 10 ku Kanani wopanda mphatso, anapereka mdzakazi wake wa ku Ejipito, Hagara, kwa mwamuna wake kuti amuberekere mwana. Izi zikufananako ndi mwambo wa fisi pakati pa Achewa, kungoti kwathu kuno wolowa m'nyumba ndi mwamuna, vuto likakhala kwa bambo. Ismayeli anabadwa Abrahamu ali ndi zaka 86, koma mtendere unatha pakhomopo chifukwa Hagara anayamba kupeputsa mbuyake ndipo Sara anayamba kumuzunza.

Kwa wophunzira chiyankhulo, mayina a m'nkhaniyi ndi ofunika. Dzina loti Sara m'Chihebri limatanthauza mfumukazi, ndipo analandira dzinali pa nthawi yomwe Abramu anasanduka Abrahamu. Atamva kuti adzabereka ali nkhalamba, Sara anaseka, ndipo dzina la mwana amene anabadwa iye ali ndi zaka 90, Isake, likuchokera ku mneni wa Chihebri wotanthauza kuseka. Korani sitchula dzina la Sara, koma mu Surah Hud imafotokoza za mkazi wa Ibrahim amene anaseka alendo atabwera ndi uthenga.

Isake atasiya kuyamwa, Sara anaumiriza mwamuna wake kuti athamangitse Hagara ndi mwana wake pofuna kuteteza cholowa. Apa mpamene zipembedzo zimasiyanirana njira. Ayuda amati anachokera mwa Isake, ndipo Akhristu amatsata mzere womwewo, pomwe Asilamu amati Mtumiki Muhammad anachokera mwa Ismayeli. Mpaka lero opita ku Makkah amayenda kasanu ndi kawiri pakati pa Safa ndi Marwa pokumbukira Hagara akufunafuna madzi.

Sara anamwalira ali ndi zaka 127 ku Hebroni. Abrahamu anagula phanga la Makipela kwa Efroni ndi masekeli 400 a siliva kuti amuyikemo, ndipo iye mwini anayikidwa momwemo atamwalira ndi zaka 175. Malo amene amakhulupirira kuti ndi mandawo anazingidwa ndi mpanda wamiyala wa m'nthawi ya Herode. Mu 1994 Baruch Goldstein anapha Asilamu 29 akupemphera mmenemo, ndipo kuchokera apo nyumbayo inagawidwa, mbali ina Ayuda, ina Asilamu.

Pomaliza, moyo wa Sara ukutikumbutsa za amayi a ku Mgona kapena ku Area 25 amene amanyozedwa kuti ndi chumba, ena mpaka kuthamangitsidwa pabanja. Amene amawanyozawo ndi omwe amadzitcha ana a Abrahamu, kuyiwala kuti mkazi wa kholo lawolo anakalamba asanabereke mwana kumbuyo.