Ebelmen, mwamuna amene anaphika miyala yodula mu uvuni wa mbale

Mukamva za ma emerald, maganizo amathamangila ku Lufwanyama, ku migodi ya Kafubu kumene mwala wobiliwila umacoka pansi. Koma kodi mudziwa kuti mwala umenewu amaupanganso m'fakitale? Lelo nikuuzeni za munthu amene anatsegula njila imeneyi, Jacques-Joseph Ebelmen wa ku France.

Anabadwa mu 1814 m'katauni ka Baume-les-Dames. Mu 1831 analowa sukulu yochuka ya École Polytechnique, kenaka anaphunzila za migodi ku Paris. Nchito anayambila ku Vesoul monga injiniya wa migodi, ndipo anafufuza kwambili za utsi wotuluka m'ng'anjo zosungunulila citsulo. Mu 1847 anakhala bwana wa fakitale ya Sèvres, yopanga mbale na makapu a dothi loyela. Kumeneko anapeza ma uvuni amene anali kuyaka moto waukali kwa maola ambili.

Manje vuto linali ili. Miyala yambili yodula ni zitsulo zimene zinagwilizana na oxygen, monga mmene dzimbili limagwilila pa citsulo. Mwacitsanzo, spinel ni magnesium, aluminium na oxygen. Kuti mupange mwala wotele mufunika kusungunula zinthu zimenezi, koma ufa wa aluminium oxide umasungunuka moto ukapitilila madigili 2,000. Ma uvuni a ku Sèvres sanali kufika pamenepo.

Apa m'pamene ine nimamucotsela cisoti. Ganizilani mcele. Simufunika ng'anjo kuti muusungunule, madzi cabe akwana. Madziwo akauma pang'onopang'ono, mcele umabwelela uli timiyala twa makona abwinobwino. Ebelmen anafuna cinthu cimene cingagwile nchito ya madzi mkati mwa moto, ndipo anasankha boric acid. Ikatentha imakhala yamadzimadzi ngati galasi losungunuka, imasungunula ufa wa zitsulo zija, kenaka imauluka pang'onopang'ono. Cinthu cotele akatswili amaciti flux.

Anasakaniza ufa wa magnesium oxide na aluminium oxide na boric acid, n'kuika m'kambale ka platinum, citsulo cosaopa moto, n'kulowetsa mu uvuni wa mbale. Atatsegula anapeza timiyala twa spinel. Akaikako chromium pang'ono tunali kutuluka tofiila, akaikako cobalt tunali twa buluu. Anapanganso chrysoberyl. Mu 1848 anapela emerald weniweni, n'kuusungunula mu boric acid, ndipo panamela timiyala twatsopano twa emerald.

Tunali tung'onotung'ono, tosakwana kuika pa mphete, ndiye palibe anagwilapo ndalama panthawiyo. Koma njila inali itapezeka. Mu 1888 Hautefeuille na Perrey anapanga emerald pogwilitsila nchito flux ina, ndipo patsogolo pake Carroll Chatham wa ku San Francisco anayamba kugulitsa ma emerald a m'fakitale, amene amatenga miyezi yambili kuti akule. Mpaka lelo asayansi amakulitsa timiyala twa zitsulo zosakanikilana mwanjila yomweyi akafuna kudziwa mmene tumacitila na magetsi kapena maginito. Cinsinsi cake n'cimodzi: osathamanga. Mukaziziletsa msanga mumapeza timiyala tambilimbili topanda nchito.

Nkhaniyi itikhudza ife kuno. Emerald wa m'fakitale si botolo lophwanyika ayi, zinthu zake n'zimodzimodzi na za uja wa ku Kafubu. Koma mtengo wake ni wotsika kwambili. Ndiye wina akakuonetsani kamwala kobiliwila m'kapepala pa sitesheni, musadalile maso anu. Katswili amauyang'ana pa galasi lokulitsa zinthu: wa m'fakitale wopangidwa pogwilitsila nchito flux kawilikawili umakhala na zotsalila zake mkati, zooneka ngati kautsi.

Ebelmen sanaone zonsezi. Anamwalila ku Paris pa 31 March 1852, ali na zaka 37 cabe, patangopita zaka zisanu kucokela pamene anayamba kutsogolela Sèvres. Pamene anamanga Eiffel Tower mu 1889, analembapo maina 72 a akatswili a ku France, ndipo lake lilipo.