Édouard Lucas: mphunzitsi amene anayeza nambala ya madijiti 39 popanda makina

Wogulitsa kachewere pa Biriwiri m'boma la Ntcheu akakhala ndi mbatata 12, angathe kuunjika milu itatu kapena inayi yofanana. Zikakhala 13, zina zimatsala ndithu, pokhapokha ataziika imodziimodzi kapena zonse pamulu umodzi. Nambala yokana kugawika chotere akatswiri a masamu amaitcha prime. Kuizindikira ikakhala yaing'ono n'kosavuta, koma ikakula imasanduka mtunda wautali. Mmodzi mwa amene anaukwera mtundawu ndi Édouard Lucas.

Lucas anabadwira ku Amiens m'dziko la France pa 4 Epulo 1842. Atamaliza maphunziro ku École Normale Supérieure, anagwira ntchito pamalo ofufuzira zakuthambo ku Paris. Nkhondo ya France ndi Prussia itabuka mu 1870, anatumikira m'gulu la asilikali oombera mizinga, ndipo itatha anakhala mphunzitsi wa masamu m'sukulu za sekondale mumzinda womwewo.

Mu 1876 iye anatsimikiza kuti nambala iyi ndi prime: 170141183460469231731687303715884105727. Imapezeka polemba 2 maulendo 127, kuwachulukitsa onse, n'kuchotsapo 1. Ma prime opangidwa motere amatchedwa a Mersenne, potengera wansembe Marin Mersenne amene anawandandalika mu 1644. Iyi ili m'kagulu kosowa kwambiri, chifukwa 127 nayenso ndi wa Mersenne: ndi 128 kuchotsapo 1.

Kuyesa kuigawa ndi nambala iliyonse yaing'ono kukanatha mibadwo yosawerengeka. Lucas anatulukira njira yachidule. Anagwiritsa ntchito mndandanda umene nambala yotsatira imapezeka pochulukitsa yam'mbuyo ndi iyo yomwe n'kuchotsapo 2, nasunga zotsala zokha. Pamapeto pake sipanatsale kanthu, ndipo umenewo ndiwo unali umboni.

Kwa zaka 75, kufikira mu 1951, panalibe amene anapeza prime yoposa imeneyi, ndipo mpaka lero ndiyo yaikulu koposa mwa zonse zotsimikizidwa ndi dzanja. Derrick Lehmer wa ku America anawongola njirayi mu 1930. Makompyuta akuigwiritsabe ntchito: mu Okutobala 2024 inathandiza kutsimikiza prime ya Mersenne ya madijiti oposa 41 miliyoni.

Lucas ankakondanso masamu a chisangalalo. Mu 1883 anatulutsa sewero la Tower of Hanoi pansi pa dzina lobisalira la N. Claus de Siam.

Imfa yake inadza modzidzimutsa. Paphwando la akatswiri a sayansi, woperekera zakudya anagwetsa mbale, ndipo phale linamucheka patsaya. Chilondacho chinalowa matenda, namwalira ku Paris pa 3 Okutobala 1891 ali ndi zaka 49, chaka chimene buku lake la Théorie des nombres linatuluka.