Jules Gonin, dokotala amene anapeza kachiboo kumbuyo kwa diso

Wina kwanu ku Kapondo akakuuzani kuti akuona kung'anima ngati mphezi, timadontho takuda tikuyandama ngati ntchentche, kenako mthunzi n'kuphimba mbali imodzi ya diso, musamuuze kuti zitha zokha. Mwina retina yake ikumatuka. Retina ndi kachikopa kopyapyala kam'kati, kumbuyo kwa diso, komwe kamalandira kuwala. Kale ikamatuka, munthu ankangochita khungu. Amene anasintha zimenezi ndi Jules Gonin.

Gonin anabadwa mu 1870 mumzinda wa Lausanne ku Switzerland, ndipo anagwira ntchito konko moyo wake wonse. Mu 1918 anakhala mkulu wa chipatala cha maso cha mumzindawo.

Madokotala anzake ankawona ndithu kuti retina yomatuka imakhala yong'ambika pena pake, koma ambiri ankati kung'ambikako kumadza matenda atayamba kale. Gonin anati ayi, kachibooko ndiye gwero. Madzi a m'diso amalowera pamenepo n'kukanganula retina, monga mvula ikalowa pamng'alu imagwetsa pulasitala kukhoma. Ukatseka kachiboo, madzi amauma, retina n'kubwerera pamalo pake.

Ntchito yovuta inali kukapeza. Ankaunika diso mofatsa n'kujambula papepala pomwe kali. Akatero ankaboola pang'ono kunja kwa diso, kutulutsa madzi, n'kuwotcha malowo ndi kachitsulo kamoto kuti chipsera chimate retina. Zoopsa kuzimva, komatu odwala ambiri anayambanso kuona.

Kwa zaka zambiri anzake sankamukhulupirira. Zinasintha mu 1929, atafotokoza zotsatira zake pamsonkhano wa madokotala a maso ku Amsterdam. Analemba buku la matendawa mu 1934, n'kumwalira mu 1935. Chipatala chake chija lero chimatchedwa ndi dzina lake.

Kachitsulo kamoto kanasiyidwa. Masiku ano amagwiritsa ntchito laser, kuzizira koopsa, kapena mpweya wothira m'diso, koma cholinga n'chomwecho cha Gonin: kutseka kachiboo.

Chosocheretsa n'chakuti matendawa sapweteka, ndiye anthu amazengereza. Amene amaona zapafupi zokha, amene anavulalapo m'diso, ndi amene anachitidwa opaleshoni ya ng'ala ali pachiopsezo chachikulu. Mankhwala odontheza m'maso sangamate retina. Mutumizeni munthuyo tsiku lomwelo kuchipatala cha boma ku Mchinji, kuti ngati n'kofunika amutumize kwa madokotala a maso ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mthunzi usanafike pakati pa diso.